Mtengo wa Diso

Kamera yangayi yadya mchere zaka zisanu ndi zinayi.
Chigoba chake chakalikakalika ngati chidendene cha msodzi,
batani lojambulira limafuna kulinyengerera,
ndipo ikaona chinthu imayamba yasinkhasinkha kaye
ngati kalaliki wa ku banki amene wamupempha ngongole.

Lachiwiri lapitali ndinabira pa Lembeh,
mamita makumi awiri ndi awiri pansi,
pomwe mchenga ndi wakuda bii, phulusa la mapiri a moto.
Pa kanthambi kofiira panali kakavalo ka m'nyanja,
kochepa ngati njere ya mpunga,
katandifulatira.
Ndinadikira.
Mpweya m'thanki unkatsika ngati palafini m'nyali,
thovu langa likukwera kukandinenera kwa a m'boti.
Kenaka kanapotoloka, n'kundiyang'ana m'maso.
Ndinadina.
Kamera inati, taima ndiganize.
Chimene ndinatuluka nacho ndi mchira,
mchira wachimbuuzi.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Manado.
A Ko Hengky anatsegula kabati ya galasi
n'kundiika yatsopanoyo m'manja.
Yopepuka ngati buledi.
Ndisanaloze n'komwe bwinobwino
inali itagwira kale diso la ntchentche pa zenera.
Malovu anandidzadza m'kamwa.
Koma yatsopano siilowa m'chigoba chakale,
chigoba chatsopano sichidziwana ndi magetsi anga,
ndipo magetsi atsopano amadya mabatire awoawo.
Ukakwatira kamera wakwatira ndi abale ake omwe.
A Ko Hengky anawonkhetsa pa kapepala,
nalemba mzere kunsi kwake kawiri:
marupiya mamiliyoni makumi anayi ndi limodzi.

Kunyumba ku Bitung ndinayala kapepalako patebulo.
Meiske anakawerenga, sanatsegule pakamwa.
Anangokoka beseni ndi phazi
kulifikitsa pomwe malata akuthonya.
Tho. Tho. Tho.
Gledis akuyamba sukulu ya unamwino mu Ogasiti,
fomu yake ili pansi pa botolo la shuga
kuti mphepo ya kudoko isaiulutse.

Ndimadzitonthoza ndi nkhani ya bambo Ortwin,
mlendo wa ku Jeremani uja,
amene kamera yawo ili ndi mikono iwiri ngati nkhanu.
Katatu konse anadutsa pa kanthambi kaja
osaona kanthu,
mpaka ndinawalozera ndi kachitsulo kanga.
Ndiye diso ndi la yani, ndimadzifunsa,
la galasi kapena la munthu?
Funsolo limandigoneka bwino
kufikira nditatsegula foni.
Ananditumizira chithunzi chawocho.
Timatuza tonse ta pakhungu tikuwerengeka,
ndipo m'kadiso kake muli kadontho ka kuwala.
Kakavalo kanga, kamene ndinakapeza ine,
kali pakhoma ku Bremen.
Ndisaname, zimandiwawa pachifuwa.

Mwina nditagula, alendo angamagule zithunzi zanga.
Mwina ngongole ingathe nyengo ya mvula isanabwerenso.
Mwina chigoba chatsopanocho chingalowe madzi sabata yoyamba,
monga zinamuchitikira Recky,
tsitsi limodzi lokha litapingasa pa mphira,
mamiliyoni onse n'kusanduka mchere.
Anakhala kumapeto kwa boti tsiku lonse osalankhula.

Chimene ndinagula ku Manado ndi kamphira kozungulira
ndi kachubu ka girisi.
Usiku uno ndapukuta chigoba ndi malaya akale,
ndapaka mphira ndi chala chaching'ono,
ndaunika ndi tochi kufunafuna tsitsi.
Kapepala ka a Ko Hengky sindinakataye,
ndakapinda kanayi, kali kuseri kwa chiphaso changa.

Mawa boti linyamuka dzuwa lisanatuluke.
Ndikagona chafufumimba pa mchenga wakuda uja,
ndikadina msanga, kasanapotoloke,
kuti nkhalamba yangayi iganiziretu.
Amati tizilomboti sitikhalitsa, chaka chimodzi kapena ziwiri.
Za Ogasiti sikakuzidziwa.